Galimoto ya Bwana Kaliwo ndi Denga la a Mhango

Ana anga, mwakhala mukundiseka kuti ndikaona munthu akufunditsa galimoto lona ndimalusa ngati galimotoyo ndinagula ndine. Iwe Yosefe unachita kukwiya chaka chatha nditakuchotsera chipulasitiki chimene unakutira galimoto yako, ukuti madala ayamba kuzungulira mutu. Mutu wanga uli bwino. Poti ndinapuma ntchito, ndipo dzanja limene linkagwira sipanala langotsala logwira cholembera, ndilembe nkhaniyi kuti mudziwe kumene khalidweli linachokera. Za ubwana wanga ku Dowa sindinena, n'zofanana ndi za aliyense wa nthawi yathu: mbuzi, sukulu ya mishoni ndi matekenya.

1951, Lilongwe

Ntchito yanga yoyamba inali ya usipanala boyi pa galaja ya boma yokonza malole a m'misewu. Dzinalo limamveka ngati la ntchito, koma kwenikweni ndinalembedwa kuti ndizikalipiridwa. Makaniko akagona kunsi kwa lole n'kutambasula dzanja osayankhula, iwe unkayenera kudziwa sipanala imene akuifuna. Ukapereka ina, inkabwerera youluka. Ndinaphunzira msanga, poti mutu woti uzilandira masipanalawo ndinali nawo umodzi. Patapita zaka zingapo ndinayamba kumasula injini ndekha, ndinatenga laisensi yoyendetsera lole, ndipo ndinakwatira mayi anu, Nabanda.

Ku Lilongwe adani a galimoto anali dzuwa ndi fumbi, choncho chilichonse chamtengo tinkachifunditsa lona. Ndipo kwathu n'chimodzimodzi, chinthu chaulemu sichikhala pambalambanda. Makina osokera amafunditsidwa nsalu, Baibulo limakhala m'kathumba, mlendo amapatsidwa bulangete labwino ngakhale eni nyumba agone ndi chiguduli. Ndinakula ndikudziwa kuti kufunditsa chinthu ndiko kuchilemekeza, ndipo ndinapita nazo nzeru zimenezi kumpoto.

1955, Mzuzu

Atandiuza kuti andisamutsira ku Mzuzu, ndinafunsa kuti kumeneko n'kuti. Musaseke. Mzuzu amene mukumudziwa inu, wa maminibasi ndi ana a koleji odzaza ku Luwinga, kunalibe. Kunali minda ya mitengo ya mafuta imene azungu anabzala, maofesi owerengeka, timasitolo ndi matope. Tinafika titakwera pamwamba pa lole, iwe Yosefe uli kumsana kwa mayi ako, n'kupatsidwa kanyumba ka udzu ku Katoto. Kwathu mvula ikatha imakhala yatha. Ku Mzuzu ikati yatsanzika imasiya mawawa ndi nkhungu, zimene zimakhala mpaka nyengo yozizira itapita pakati. Nsapato zinkamera nguwi kunsi kwa bedi, mchere unkasungunuka wokha m'chitini, machesi ankangotuwa osayaka. Nabanda analira sabata yoyamba yonse, ndipo ine sindinamutonthoze chifukwa nanenso ndinkafuna kulira.

Amene anatitonthoza ndi a Mhango, oyandikana nafe nyumba. Anali mmisiri wa matabwa ndiponso mkulu wa mpingo, munthu wamtali, woyankhula pang'onopang'ono ngati mawu amagula. Tsiku lachiwiri anatulukira ndi makwerero ndi mtolo wa udzu.

"Monire ŵalendo," anatero. "Denga ili nkhulimanya, ndikulidziwa, likudontha chomene. Munthu wina anathawa momwemu."

Sanadikire kuti tiwapemphe. Anakwera, n'kufolera pamene pankadontha, atatsika anakana ngakhale tiyi. Madzulo ndinapita kukathokoza kwawo, ndipo ndili chikhalire pampando ndinaona njinga yakale itapachikidwa kudenga ndi zingwe, matayala ali m'malere. Inali yoyera bwino, tcheni chake chonyowa ndi mafuta. Ndinafunsa chifukwa chimene munthu wokhala ndi njinga ankayendera pansi.

"Si yanga, a Phiri," anayankha. "Nja munung'una wane, mng'ono wanga. Anapita ku Joni nkhondo isanayambe, anati ndimusungire. Anasiyanso kamwana kakukwawa, ndiye Chiukepo uyu mwamuona panja ali ndi ndevu."

"Amalemba kalata?"

"Analembapo kale. Wizenge." Ndiye kuti adzabwera.

Ndinafunsa chifukwa chake sanaikulunge m'chiguduli, kuti isadetsedwe ndi mwaye. Anandiyang'ana ngati ndatukwana, n'kunena kuti ku Mzuzu chinthu ukachikulunga wachiika m'manda. Ndinangoti n'zikhulupiriro za kuno, osaziikanso kumutu.

Kuntchito zinthu zinkasowa mochititsa manyazi. Chitsulo ukachiitanitsa kumwera nthawi ya dzinja chinkafika anthu akukolola. Magasiketi otsekera mipata ya mu injini tinkadula m'makatoni, tayala likaphulika kuthengo tinkalidzaza udzu kuti tingofika, ndipo lole imodzi inkaphedwa kuti zinzake zikhale ndi moyo. Koma ndi m'kusowa momwemo mmene ndinakhalira makaniko weniweni, ndipo ndimathokoza.

1957

Mkulu wa galaja yathu anali mzungu wachikulire amene tinkamutcha Bwana Kaliwo, chifukwa kaliwo sankachoka pakamwa pake ngakhale fodya atatha. Analibe mkazi, analibe galu. Anali ndi galimoto imodzi yakuda, yopangidwa nkhondo isanayambe, imene bambo ake anamusiyira ndipo anabwera nayo pa sitima kuchokera kwawo. Inali ya mipando yachikopa, nyali zake zazikulu ngati mbale, ndipo inkalizidwa ndi hendulo. Mkati mwa malata ake munali mafelemu a matabwa. Azungu anzake ankayendera magalimoto atsopano n'kumamuseka, ife tinkangoitcha Dona, popeza ndiyo inali mkazi wa m'nyumba mwake. Munthu ukanatha kuswa lole ya boma iye n'kungopukusa mutu, koma kutsamira Dona ndi ovololo yamafuta unkamva Chingerezi chimene sankaphunzitsa ku mishoni.

Anali wovuta, sindikubisa. Ankati "iwe" ngakhale kwa anthu aimvi, ndipo kuyamika kwake kunali kukhala chete. Koma ankaphunzitsa osabisa kanthu. Tsiku lina Dona inayamba kutsokomola, iye anaisanthula m'mawa wonse, kenako anandiitana.

"Lameki, tchera khutu. Ukumva chiyani?"

Ndinati ndikumva ngati ikupuma mpweya wa pambali. Tinapeza kapaipi kong'ambika. Sanati zikomo, koma kuyambira tsiku limenelo ndinali munthu yekhayo wololedwa kugwira hendulo ya Dona. Anzanga ankandiseka kuti ndakhala mlamu wa bwana.

Kumapeto kwa 1958

Itakwana nthawi yoti Bwana Kaliwo apite ku tchuthi chachitali kwawo, panabuka vuto. Nyumba yake ankalowamo mzungu wachinyamata wodzagwirizira mpando, amene tinamutcha Bwana Changu, ndipo galaja ya panyumbapo anaikamo galimoto yakeyake. Ku galaja ya boma galimoto ya munthu sinkaloledwa kugona. Tsiku lina madzulo Dona inangotulukira ku Katoto, ana a mudzi wonse akuithamangira, n'kudzaima pabwalo pathu.

"Lameki, ndikusungitsa," anatero. "Ndidzabwera mvula ikatha."

Ndinamva kunyada ndi mantha nthawi imodzi. Ndinamulonjeza kuti m'mawa mwake ndikapempha lona labwino kusitolo ya kuntchito, ndidzaimange bwinobwino, ngakhale dontho limodzi lisaikhudze. Anachotsa kaliwo pakamwa, chinthu chimene sichinkachitika wamba.

"Lona iyayi. Usadzaifunditse, ngakhale tsiku limodzi."

"Bwana, mvula ya kuno mukuidziwa."

"Ndikuidziwa, n'chifukwa chake. Mvula yogwa kumwamba imatsetsereka pa phula, mphepo n'kuumitsa. Koma madzi ena amachokera pansi. Ukafunditsa, thukuta la nthaka limakwera, limasowa potulukira, limagona m'matabwa ndi m'zikopa. Mphepo ikamawomba, lona limakhula penti ndi mchenga. Makoswe amasangalala, wawamangira nyumba. Denga lopanda makoma ndilo likanakhala bwino, koma malata kulibe, ndipo udzu wouma nyengo ino suupeza."

Tinaikweza pa njerwa kuti matayala apume, tinachotsa batire, tinathira girizi paliponse pofunika, n'kuipaka phula mpaka nkhope kumaoneka. Anandiuza kuti ndiziipukuta m'mawa uliwonse, dzuwa likatuluka ndizitsekula zitseko, ndipo Loweruka ndizipukusa hendulo kuti injini isagone tulo. Pochoka anayenda wapansi, osacheuka, koma ndinamuona akupukuta magalasi a m'maso pamene kunalibe mvula.

Amene anavutika ndi mayi anu. Mvumbi ukagwira, iwo ankaima pakhomo kuyang'ana Dona ikunyowa, mtima ukuwawa ngati ndi mwana ali panja. Azimayi anzawo ochokera kwathu kuchigawo chapakati, akazi a makalaliki, ankawanena kuchitsime kuti a Phiri ndi munthu wopanda ulemu, bwana wawasungitsa chuma iwo achisiya chamaliseche. Tsiku lina ndinawapeza atafunditsa boneti mphasa yathu yogonera.

"Bambo a Yosefe, nyali zokhazi, zikuchita ngati zikundiyang'ana," anatero.

Ndinachotsa mphasayo, tinaseka, nkhani n'kutha. Sitinkadziwa kuti kutsogolo kuli zoti sitidzaseka.

1959, mvula ili pakati

Chaka chimenecho dziko linatentha. Nkhani ya Chitaganya inali itafika pakhosi pa aliyense, ndipo musaganize kuti bambo anu ankaikonda. Ndinkadana nayo ngati wina aliyense. Anthu anayamba kugwidwa, asilikali achilendo anadzaza m'misewu, anyamata ankagwetsa mitengo panjira kuti malole asadutse. Mwa ogwidwawo munali mphunzitsi amene Chiukepo, mwana wa mtchona uja, ankamukonda ngati bambo ake. Ndipo anthu akagwidwa, otsala amafunsana kuti anapereka mayina ndani. Pa Katoto ponse panali khomo limodzi lokha pamene panaima galimoto ya mzungu, yonyezimira, mwini khomo akuipukuta m'mawa uliwonse.

Lachinayi lina masana Chiukepo anabwera ndi anzake awiri. Anali mnyamata waulemu, amene ankatithandiza kuwaza nkhuni, koma tsiku limenelo sanapereke moni.

"A Phiri, ŵanthu ŵakuyowoya. Akuti galimoto iyi ndi malipiro. Akuti ndinu kapirikoni."

Kapirikoni linali dzina la munthu wogulitsa anzake kwa azungu, ndipo nyumba za anthu otchedwa dzina limeneli zinkapsa. Ndinamuuza kuti n'chosungitsa chabe, mwini wake adzabwera.

"Ine sindikufuna kumva. Anthu akwiya. Sabata ikatha maso athu asaionenso. Ikaoneka, sindidziwa chimene chichitike, ndipo nyumba yanu nja utheka." Ankanena udzu wa padenga, ndipo anauloza ndi chala.

Nthawi imeneyo Nabanda anali woyembekezera, miyezi itapita ndithu. Galimoto inaima pafupi ndi khonde moti ikanapsa, nyumba sikanatsala. M'mawa mwake ndinapita kwa Bwana Changu kukapempha kuti Dona ikabisale ku galaja ya boma. Anakana, akuti bwalo ladzaza malole a asilikali ndipo alibe nthawi ya zidole za nkhalamba. Sanali munthu woipa, anali ndi mantha akeake. Analamula kapitawo kuti andipatse lona latsopano, lobiriwira, lolemera. Ndinalisenza mpaka kunyumba n'kuliika pakona.

Mayi anu ataliona nkhope inamasuka. "Basi, zatha," anatero. "Anyamata aja anati asaione. Funditsani, tiunjikepo nkhuni pamwamba, aliyense aziyesa mulu wa nkhuni."

Ana anga, m'moyo wanga wonse wa ntchito sindinakumanenso ndi chosankha cholemera ngati chimenecho. Mvula inali idakali ndi miyezi, ndipo pambuyo pake mawawa. Ndinkadziwa chimene ndikanadzapeza kunsi kwa lonalo: zikopa zoyera ndi nguwi, matabwa ofumbwa, dzimbiri m'mapindiro onse, zitsulo zoti m'dziko muno simunali zina. Munthu anandisungitsa chinthu chokhacho chimene bambo ake anamusiyira, ndipo anandipempha chinthu chimodzi chokha. Komanso ndinkadziwa kuti galimoto ndi chitsulo, pamene m'nyumba munali anthu. Ndinakhala pakhonde ndikuyang'ana lonalo mpaka tiyi anazizira m'kapu. Chimene chinandigwira mtima pomaliza n'chakuti Katoto yense ankadziwa kale chimene chili pabwalo panga. Kufunditsa sikukanabisa galimoto, kukanangouza anthu kuti a Phiri ali ndi chobisa.

"Mayi a Yosefe, sindifunditsa," ndinatero. "Inu tengani mwana mukakhale kwa abusa mpaka zizizire."

Mayi anu ankaoneka ofatsa kwa alendo okha.

"Sindipita kulikonse. Koma ngati mwasankha choncho, musandiuze ine, ine sindiyatsa moto. Pitani mukanene pamaso pa anthu. Mwakhala kuno zaka zonsezi mukupemphera nawo, lero mukufuna kufa nokha ngati mulibe anansi?"

Ndinasenzanso lona lija, ulendo kwa a Mhango. Ndinawapeza m'chisakasa chawo chopaliramo matabwa, cha mizati ndi denga la udzu, chopanda makoma. Ndinatula lonalo pansi n'kuwafotokozera zonse, kuyambira mawu a Bwana Kaliwo mpaka a Chiukepo. Anamvetsera akupala thabwa, osaleka. Nditamaliza anaphetha zipalo pa thabwalo n'kunena kuti, "Pa Sabata tikatuluka m'tchalitchi mubwere kunyumba. Lona ili libwezeni kwa mwini wake."

Pa Sabatapo m'nyumba mwa a Mhango munadzaza amuna, ena anaima m'mawindo. Chiukepo ndi anzake anakhala kukhomo. Ndinayankhula m'Chitumbuka changa chothyokathyoka, chimene masiku ena chinkaseketsa anthu, koma tsikulo panalibe woseka. Ndinati sindinagulitse munthu, galimotoyo ndinasungitsidwa, ndipo ndinauzidwa kuti ndisaifunditse. Ndinati wofuna kuitentha abwere masana, andiuze ndiyambe ndatulutsa mkazi ndi mwana.

Mmodzi wa anzake a Chiukepo anati chosungitsa cha mzungu si chosungitsa, popeza iwo anatilanda dziko lonse osatipempha. Anthu ambiri anavomereza, ndipo kunena zoona mnyamatayo sankanama.

Pamenepo a Mhango anaimirira, n'kuloza kudenga.

"Chiukepo, mwana wane, ichi ntchivichi?"

"Ni njinga ya adada."

"Ndaipukuta kuyambira iwe usanayambe kuyenda. Njala inabwera, anthu anati gulitsani, ndinakana. Miyendo yanga yatha ndi kuyenda pansi, njinga ili pamutu panga. Kodi awuso, bambo ako, anandigula? Kodi ndikudziwa ngati ku Joni ali munthu wabwino kapena woipa, kapena ngati ali moyo? Sindinafunse zimenezo. Anati ndisungire, ine ndinati enya. Za dziko tidzalimbana nawo azungu, ndipo ine ndili nanu. Koma tikayamba kutentha munthu chifukwa wasunga mawu ake, dziko limene tikulifunalo tidzasungitsa ndani?"

Chiukepo anayang'ana njinga ija, kenako pansi. Mkulu wina anakhosomola n'kunena kuti zamveka, komabe galimoto ili poyera, ndipo anyamata a kumidzi ina amene sanamve mawu amenewa adzaiona.

"Adzaiona ili pansi pa denga langa," anatero a Mhango. "Tiyeni."

Sindinamvetse mpaka titafika kuchisakasa chija. Udzu wouma kunalibe nyengo imeneyo, koma denga lofolera kale linalipo. A Mhango anakwera n'kuyamba kudula luzi limene linamanga dengalo ku mizati. Ndinawagwira mwendo.

"Adada, nanga inu muzigwirira kuti ntchito? Matabwa anu anyowa."

"Matabwa ndilowetsa m'nyumba. Chokani, a Phiri, mukundichedwetsa."

Amuna aja, akadali m'majekete a ku tchalitchi, analowa pansi pa dengalo, n'kulinyamula lonse lathunthu pamapewa. Ena anazula mizati n'kutsogola nayo. Ngodya imodzi yakutsogolo inalendewera chifukwa amene anaigwira anali wamfupi, ndipo a Mhango anangoti, "Chiukepo." Mnyamatayo anazengereza pang'ono, kenako anavula jekete, n'kulowetsa phewa. Kwathu timati mutu umodzi susenza denga, ndipo ndinakula ndikuunena mwambiwo ngati wina aliyense, koma tsiku limenelo ndinauona ukuyenda ndi miyendo m'njira ya ku Katoto, kukuwaza mawawa, azimayi atatuluka m'makomo kudzaonerera. Tinakankhira Dona kutali pang'ono ndi nyumba, tinaikwezanso pa njerwa, tinakumba mayenje, ndipo dzuwa lisanapendeke inali pansi pa denga, mphepo ikudutsa mbali zonse. Nabanda anaphika tiyi m'mphika wa madzi osamba, makapu n'kumalandirana. Atafika kwa Chiukepo anagwada monga ankachitira masiku onse, iye analandira ndi manja awiri n'kunena chapansipansi kuti, "Yewo, amama."

Palibe anabweranso kudzaloza udzu wa nyumba yathu. Aliyense wodutsa ankadziwa kuti dengalo ndi la a Mhango, ndiponso ankadziwa mapewa amene analisenza. A Mhango anapalira matabwa pakhonde lopapatiza mpaka udzu unauma kudambo, msana wawo ukunyowa, ndipo sanadandaulepo.

1959, mvula itatha

Bwana Kaliwo anachedwa kubwera chifukwa cha chipwirikiticho, anafika mphepo yachisanu itayamba kufooka. Anabwera ku Katoto wapansi monga anachokera. Anazungulira Dona, anatsekula chitseko n'kununkhiza mkati, anagwada n'kugogoda matabwa a kunsi ndi kaliwo wake. Tinaitsitsa pa njerwa, tinabwezera batire, ndinapukusa hendulo. Inatsokomola kaye ngati nkhalamba yodzutsidwa, kenako inalira bwinobwino. Iye anakhala chete, kumene kunali kuyamika kwake, kenako anakweza maso.

"Denga ili ndani?"

Ndinamuuza zonse, osachotsa ngakhale mawu a mnyamata uja onena za dziko. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti ndimuperekeze kwa a Mhango. Atafika pakhomo anavula chipewa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamumva akuti "inu" kwa munthu wakuda. Anafunsa chimene angawachitire. A Mhango anati palibe, denga lina anali atamanga kale. Kenako anaganiza pang'ono.

"Chimoza pera, chimodzi chokha. Akuti ndinu katswiri wa visulo. Mundionereko njinga iyi ngati ndaisunga bwino."

Tinaitsitsa. Bwana Kaliwo, ndi malaya ake oyera, anagwada pa dothi la m'nyumbamo. Anazunguza gudumu n'kutchera khutu, anayesa mabuleki, anagwira sipoko iliyonse ngati mmene ankachitira ndi Dona. Sanafulumire. Atamaliza anati matayala okha ndiwo auma, koma zina zonse zili bwino, mwini wake akhoza kukwera tsiku lomwe wafika.

"Yewo chomene," anatero a Mhango, akuyang'ana njingayo. "Wizenge."

Chiukepo anali ataima pakhomo. Ndiye amene anainyamula n'kuipachikanso.

Bwana Kaliwo anapuma ntchito dziko lisanalandire ufulu, ndipo anapita nayo Dona kwawo. Asanachoke anandilembetsa mayeso a umakaniko, amene anandipatsa ntchito imene yakuphunzitsani nonsenu. Mng'ono wa a Mhango sanabwere. A Mhango anamwalira njinga idakali kudenga, ndipo ulendo womaliza umene ndinapita ku Mzuzu ndinaipeza m'nyumba ya Chiukepo, amene tsopano ndi nkhalamba ngati ine, itapachikidwa chimodzimodzi, tcheni chili ndi mafuta.

Denga lija linatsala pabwalo pathu. Ndi chisakasa chimene akulu mwa inu mukuchikumbuka, mmene mayi anu ankayanikamo zovala nthawi ya mvumbi, inu n'kumasewera pansi pake mukuchitcha galaja, osadziwa chifukwa chake pakhomo lopanda galimoto panali galaja. Mwana amene anali m'mimba nthawi imeneyo anabadwa denga litakhala pabwalo milungu yochepa. Mwa mwambo wathu dzina likanachokera kwa achibale ku Dowa, koma mayi anu anakana kudikira. Atatuluka m'chikuta anamunyamula n'kupita naye okha kwa a Mhango, anawapeza akupala matabwa pakhonde, mawawa akuwagwera kumsana, n'kuwaika mwanayo m'manja kuti amutche dzina.

Iwe Tawonga, wakhala ukundifunsa kuyambira uli wamng'ono chifukwa chake pa ana onse a Mchewa wa ku Dowa ndiwe wekha uli ndi dzina la Chitumbuka, lotanthauza kuti tathokoza. A Mhango anangolitchula, koma mawuwo anali athu.